Injini ya Boti Ikakana Kulira

Ndinakulira ku Msaka, m'boma la Mangochi, komwe amalume anga amakonza mainjini a maboti a asodzi a usipa. Patchuthi ndimawagwirira masipanala, ndipo m'nkhani ino ndifotokoza mmene amapezera vuto injini ikakana kulira.

Poyamba amamasula pulagi, kuigunditsa kuchitsulo cha injini, nkukoka chingwe cholizira. Moto wabwino umathetheka wabuluu. Ukakhala wofooka kapena osaoneka n'komwe, vuto lili pa pulagiyo, waya kapena koilo. Pulagi yodzaza mwaye kawirikawiri imasonyeza kuti oilo anachuluka posakaniza ndi petulo. Koma ikatuluka ndi timadontho ta madzi, nkhani yakula. Mwina petulo ndiye ali ndi madzi, mwinanso gasiketi ya kumutu kwa injini yapsa, choncho madzi oziziritsa akulowa m'silinda nkumazimitsa moto. Apa kugula pulagi yatsopano nkutaya ndalama chabe.

Kenaka amaona oilo wa m'giya. Akayera ngati mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Nthawi zambiri ulusi wa ukonde umakulungika kuseri kwa pulopela nkudula labala yotchinga madzi. Amachotsa ulusiwo, kusintha labalayo, nkuthira oilo wina.

Injini ikalira, sapumabe mpaka ataona madzi oziziritsa akutuluka kumbuyo. Akapanda kutuluka, amaizimitsa msanga isanapse.

Ndinawafunsapo chifukwa chake safulumira ngakhale mwini boti akuwakakamiza. Anandiyankha mwachidule: “Mphwanga, mwera ukawapeza pakati pa nyanja usiku, ine sindikhalako.”