Mayi Ali ku Sukulu ya Unamwino, Mwana Ali ndi Mphumu Kumudzi

Mtsikana wa ku Kande kapena ku Mpamba akapeza malo pasukulu ya unamwino, kaya ku St John's mumzinda wa Mzuzu kaya ku Ekwendeni, mudzi wonse umanyadira. Koma zikamveka kuti wasiyira agogo mwana wa zaka zinayi amene amabanika ndi mphumu, alangizi amachuluka ngati ogula padoko tsiku limene usipa wagwidwa wambiri. Aliyense ali ndi nzeru yake, ndipo pafupifupi onse amayankhula chifukwa chomukonda mwanayo.

Choyamba kumveka n'chakuti mphumu imapatsirana. Kapu ya mwana imaikidwa payokha, asuweni ake amaletsedwa kugona naye pamphasa imodzi. Sindiwadabwa agogowo. Amuna ambiri a m'boma la Nkhata Bay ankapita kumigodi ya ku South Africa ndi Zimbabwe, ena n'kubwerako akutsokomola chifuwa chachikulu chimene chinkagwiranso apabanja pawo. Ndiye mukaona malume, mlongo wawo ndi mdzukulu onse akubanika pakhomo limodzi, mungaganize chiyani?

Komatu mphumu ilibe kachilombo. Chimene chimachitika n'chakuti tinjira ta mpweya m'mapapo timatupa mkati, minofu yotizungulira imafinya, makhololo n'kudzazamo. Mpweya umadutsa movutikira, n'chifukwa chake pachifuwa pamalira. Matendawa amayenda m'magazi a mtundu, osati pakapu. Chopatsirana ndi chimfine, ndipo chimfinecho ndicho chimadzutsa mphumu mwa ana aang'ono kawirikawiri.

Kenako mlandu umagwera nyanja. “Ndi mwera umenewu, musamamusambitse kunyanja, muzimufunditsa.” Apa anthu anapenya bwino ndithu, chifukwa mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, ana ambiri amatsokomola usiku wonse, makamaka mbandakucha.

Mphepo yozizira ikhoza kudzutsadi mphumu mwa mwana amene ali nayo kale, koma siyiyambitsa. Tangoonani zimene timachita kukazizira: timatseka mazenera, timalowetsa mbaula m'nyumba, mwana timamukhazika pafupi ndi moto wa nkhuni kuti amve kufunda. Panja pali utsi wowambira nsomba ndi wa zinyalala, usiku tayatsa koilo ya udzudzu, abambo ali ndi ndudu yawo pakhonde. M'dzinja, poti kuno mvula simasewera, makoma ndi matiresi zimachita chuku. Mlandu wa mwera ndi wochepa kusiyana ndi umene timaupatsa. Mwana amene mphumu yake ikusamalidwa bwino akhoza kusambira ndi kuthamanga pamchenga monga anzake onse. Ngati pali choopa m'madzimo, ndi likodzo.

Chikhulupiriro cholimba kuposa zonse ndi cha kampope ka mankhwala, kaja ambiri amangoti inhela. “Akayamba kupopa sadzasiya.” “Kamafooketsa mtima.” “Kameneko n'ka anthu amene atsala pang'ono kutisiya.” Ndipo wophunzira unamwino akabwera nako patchuthi, apongozi amamuyang'ana cham'mbali, amvekere, “Mayi a mwana, mwayamba kuyesera sukulu yanu pa mdzukulu wanga?” Manthawa ali ndi pochokera. Kwa zaka zambiri odwala ankalandira mapiritsi kapena mankhwala akumwa, kampope n'kumaoneka pokhapokha zinthu zitafika poipa, moti anthu anakazolowera kukaona m'manja mwa wodwala kwambiri. Komanso n'zoona kuti mwana akapopa, mtima umathamanga pang'ono ndipo manja amanjenjemera kwa kanthawi. Woona ndi maso angati mankhwala amuposa mphamvu.

Masamu ake ndi osiyana ndi zimenezo. Kupopa kamodzi salbutamol kumatulutsa mamaikulogalamu 100. Piritsi laling'ono la mankhwala omwewo lili ndi mamiligalamu 2, kutanthauza kuchuluka ka 20, ndipo liyenera kuzungulira thupi lonse lisanafike m'mapapo. Choncho piritsi lomwe timalikhulupirira lija ndilo limanjenjemeretsa kwambiri ndi kuchedwa kuthandiza. Kampope sikachititsa chibaba. Timipopeti tilipo mitundu iwiri: ka salbutamol, kamene kawirikawiri kamakhala kabuluu, kamatsegula njira m'mphindi zochepa, ka beclomethasone, kamene nthawi zambiri n'kabulauni, kamapopedwa tsiku ndi tsiku ngakhale mwana ali bwinobwino, kuti kutupa kuja kuchepe. Akapopa kabulauni achukuche m'kamwa. Mwana akamafuna kabuluu kangapo pasabata, sikuti wazolowera ayi. Ndiye kuti kutupa sikunathe, apite akaonedwenso kuchipatala.

Ena amati, “Tinapopa ife, sizinathandize.” Sakunama. Mwana wamng'ono sangathe kukoka mpweya nthawi yomweyo imene mukupopa, ndiye mankhwala amathera palilime ndi pakhosi.

Chothandiza chili m'golosale iliyonse ya m'mbali mwa msewu wa M5. M'chaka cha 1999, dokotala wa ana Heather Zar ndi anzake a pachipatala cha Red Cross ku Cape Town anaonetsa kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula chothandizira kupopa. Mumaboola pansi pa botolo molingana ndi kukamwa kwa kampope, n'kukalowetsa mothina. Mwana amavumata kukamwa kwa botolo, inu mumakhutchumula kampope, n'kupopa kamodzi, iye apume kangapo, kenako mupopenso malinga ndi mmene adokotala analembera. Khanda limene silingavumate limafunika kachophimba mphuno ndi kamwa, ndipo zimenezo akakuonetseni kuchipatala.

Tsopano nkhani imene imamusowetsa tulo mayi uja m'chipinda chake kusukulu: “Asiye sukulu, mwana wodwala amafuna mayi wake.” Onena zimenezi si ankhanza. Maphunzirowa amatenga zaka zitatu kapena zinayi, muli ntchito ya usiku m'mawodi, ndipo ophunzira amatumizidwa kuzipatala zakutali. Amene anachezerapo usiku ndi mwana wobanika akudziwa kuopsa kwake. Palinso ena otembenuza nkhani yomweyo, amene amati poti mayi ndi namwino, mwana akadwala n'kungomuimbira foni basi.

Ine ndimati onse awiriwa aika katundu yense pamutu pa munthu mmodzi. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panachitika kafukufuku wa ana 120 a zaka 6 mpaka 15, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Ana amene anapatsidwa mankhwala oyenera, mabanja awo n'kuphunzitsidwa za mphumu ndi kapopedwe, anapeza bwino, ndipo kujomba kusukulu ndi kuthamangira kuchipatala kunachepa. Ophunzitsawo sanali madokotala. Anawo anali okulirapo kuposa wathu wa ku Kande, koma nzeru zake agogo akhoza kuzigwira, abambo a mwana nawonso, azakhali, ngakhale aphunzitsi a kumkombaphala. Mphatso yaikulu imene wophunzira unamwino angasiye pakhomo tchuthi chikamatha ndi anthu awiri kapena atatu amene ayeserera kupopa iye akuona, ndi pepala lolembedwa m'chinenero chimene agogo amawerenga, Chitonga kapena Chichewa, losungidwa pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala.

Papepalapo palembedwe zoti zikaoneka asadikire foni ya ku Mzuzu: mwana akulephera kumaliza mawu kapena kumwa, pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, milomo yasintha mtundu, wafooka kapena akungosinza, kapenanso wapopa koma sakusintha. Apo apope ali m'njira yopita kuchipatala cha Chintheche, Kande, Mpamba kapena chachikulu cha boma. Nambala ya wakabaza wodalirika ikhale pomwepo. Kwa a ku Usisya, kumene msewu wa m'phiri umavuta mvula ikagwa ndipo boti limamvera nyanja, kampope kachiwiri kosatsegula kazikhala m'nyumba nthawi zonse, poti mankhwala m'zipatala amatha osatsanzika.

Latsala ndi dzira laliwisi, uchi, kapena muzu wa asing'anga umene akuti unachiza mwana wa uje. Mwana wa ujeyo anasiyadi kubanika, mboni zilipo. Kungoti ana ambiri amene amalira pachifuwa ali aang'ono amasiya okha akamafika msinkhu woyamba sukulu, tinjira ta mpweya tikakula, ndipo chimene anamwa chaka chimenecho ndicho chimalandira ulemu. Ena sasiya, ena imawabwerera atakula. Uchi pang'ono kwa mwana wopitirira chaka chimodzi ulibe vuto, bola kampope kasachoke m'chikwama chake.