Tchuthi Chathu ku Gombe la Nkhotakota

Ana athu kuno ku Chiradzulu amakula akuona phiri ndi minda ya nandolo. Ukawauza za nyanja amangogwedeza mutu, koma chithunzi chake alibe. N'chifukwa chake pa tchuthi chapitachi tinasonkherana ndalama ndi mabanja awiri anzathu, n'kuganiza zokawaonetsa Nyanja ya Malawi ku Nkhotakota.

Tinanyamuka titangoswali Fajr, n'kudzera ku Limbe, Balaka ndi Salima. Ulendowu ndi wa tsiku lonse, choncho tinaphatikiza Dhuhr ndi Asr monga momwe wapaulendo amaloledwera. Pa mlatho wa Chia tinapeza ogulitsa nsomba atakweza chambo m'mwamba, ndipo kuyambira pamenepo ana sanachotsenso maso pazenera.

Nkhotakota ndi tauni yaing'ono, koma anthu ake ndi ansangala zedi. Tinafika kukuda, kogona sitikukudziwa. Bambo wina wachikulire amene tinakumana naye pa mzikiti anatiperekeza yekha ku nyumba yogona alendo, ndipo posakhalitsa mayi akunyumba kwake anatumiza mpunga ndi usipa. Titatulutsa ndalama anakana. "Mlendo ndi mame, aphunzitsi," anatero. "Zisungeni, mukagulire ana nsomba."

M'mawa mwake ana anaona asodzi akutuluka m'nyanja ndi mabwato, amayi akuyanika usipa pa thandala. Koma chimene chinatikhudza kwambiri ndi mbiri ya malowa. Cha m'ma 1840 kunafika wamalonda wa Chiswahili, Salim bin Abdallah, amene anali woyamba mwa mafumu otchedwa Jumbe. Iye ndi omutsatira anakhazikitsa Chisilamu kuno ndipo anakulitsa ulimi wa mpunga, umene ukutchukabe mpaka lero. Komanso pa gombe lomweli ankakweza minyanga ya njovu ndi akapolo m'zombo, kuwaolotsa nyanja pa ulendo wopita ku Kilwa. Tinaima pansi pa mtengo waukulu pamene David Livingstone anakambirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 zoti malondawa athe. Koma malondawo sanathe mpaka m'ma 1890.

Apa mtsikana wathu wa zaka 11 anafunsa: "Ababa, ndiye kuti ogulitsa anthuwo anali Asilamu?" Tinakhala chete pang'ono, chifukwa kunali kosavuta kuizemba nkhaniyi. Koma tinamuyankha kuti inde, ambiri a iwo ankaswali monga ife, ndipo analakwa kwambiri. Mtumiki Muhammad (SAW) anachenjeza mwamphamvu za munthu wogulitsa mfulu n'kudya mtengo wake, ndipo Qur'an imalimbikitsa kumasula akapolo. Makolo anzathu, mwana akamva zoona kwa ife, sadzagwedezeka akadzazimva kwa ena. Tikamubisira, tsiku lina adzakayika ngakhale zabwino zomwe tinamuphunzitsa.

Kwa amene mukufuna kupita, nawa malangizo ochepa. Musalole ana kusamba pa madzi odikha a m'bango, chifukwa ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndiponso ng'ona zimabisala malo otere. Funsani eni dera malo abwino osambira, ndipo mwana akayamba kukodza magazi mutabwerako, thamangirani naye kuchipatala. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imawinduka mwadzidzidzi, choncho musakwere bwato popanda wodziwa nyanja. Amayi ndi atsikana atenge zovala zowabisa bwino, ndipo apite ku gombe m'mamawa anthu asanachuluke. Ngati m'thumba muli kanthu, kaoneni nkhalango ya Nkhotakota, kumene anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

Tinabwerera ku Chiradzulu ndi thumba la mpunga, usipa wouma ndi ana odzaza mafunso. Bambo uja tinamulonjeza kuti akadzabwera kwathu tidzamulandira ndi nandolo wamuwisi, Insha Allah.