Pampu ya njinga: zoyenera kuyang'ana musanagule

Pamsewu wa M10 wochokera ku Mangochi Boma kudutsa pa Makokola kulowera ku Monkey Bay, njinga yakapalasa ndiyo imanyamula katundu wambiri wa tsiku ndi tsiku: madengu a usipa ndi utaka, matumba a chimanga komanso anthu okwera kabaza. Tayala likaphwa kutali ndi okonza njinga, wogulitsa nsomba zaziwisi amayamba kukankha njingayo padzuwa, ndipo pofika kumsika mtengo wa nsombazo umakhala utatsika. Pampu yoyenda nayo imachepetsa vutoli, koma pokhapokha ngati ili yogwirizana ndi njingayo.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi valavu, kamlomo ka chubu kolowera mpweya. Njinga zambiri zonyamulira katundu zili ndi valavu ya mtundu wa Dunlop, yomwe imamasulidwa ndi zala ndipo nthawi zambiri imakhala ndi karabala mkati. Njinga zamagiya zambiri zili ndi valavu yonenepa ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, pomwe zampikisano zili ndi yowonda ya Presta. Pampu yosagwirizana ndi valavu imangotayira mpweya pambali, ngakhale ikhale yokwera mtengo chotani. Choncho ndi bwino kupita ndi njinga kusitolo n'kupopa tayala pomwepo ndalama zisanaperekedwe.

Mapampu aafupi olowa m'thumba amakopa anthu chifukwa ndi opepuka, koma amakankha mpweya wochepa kwambiri. Tayala lalikulu la mainchi 28 limafuna kupopa kambirimbiri ndi pampu yotere, ndipo munthu amatopa tayala lisanalimbe. Pampu yaitali yomangirira pafulemu ndiyo yoyenera njinga yonyamula katundu. Ikhalenso ndi kapaipi kofewa kolumikizira ku valavu, chifukwa pampu yolumikizidwa mwachindunji imagwedeza valavuyo mpaka chubu kung'ambika patsinde pake, malo amene chigamba sichigwira.

Kuyesa mphamvu ya pampu n'kosavuta. Wogula atseke potulukira mpweya ndi chala n'kukankha chogwirira. Chikalimba n'kubwerera chokha, ndiye kuti chikopa kapena rabala ya mkati ili bwino. Chikangolowa mosavuta, pampuyo ikutaya mpweya. Yachitsulo imapirira dzuwa la kunyanja kuposa yapulasitiki yopyapyala, yomwe sichedwa kusweka.

Mchenga wa m'madooko ndiwo umawononga mapampu ambiri. Ukalowa mkati umadya chikopa chija, motero pampu isagonekedwe pansi, ndipo chikopacho chizidonthezedwa mafuta pang'ono chikauma.

M'mbali mwa tayala mumalembedwa mlingo wa mpweya womwe tayalalo lingapirire. Tayala lofewa pansi pa katundu wolemera limapanikiza chubu ku limu n'kuchiboola pawiri, pomwe lopopedwa mopitirira likhoza kuphulika likakhalitsa padzuwa la mu Okutobala ndi Novembala. Pamodzi ndi pampu, woyendetsa njinga asunge zigamba, guluu ndi karabala kena ka valavu.