Za Kulumika: Nyanga ya Makolo ndi Chikho cha ku China

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kulumika. Achikulire aidziwa bwino ntchito imeneyi. Munthu akamva mutu kapena msana, sing'anga amtema mphini, naika nyanga pamenepo, nayamwa mpweya pa kaboo ka kunsonga, natseka ndi phula. Nyanga igwira khungu, ndipo mwazi utuluka pang'onopang'ono. Anansi athu Achisilamu ali nawonso mwambo wotere, umene autcha hijama.

Sitili tokha pa nzeru imeneyi. Ku China, sing'anga Ge Hong, amene anakhala m'zaka za m'ma 300, analemba za kuchiza ndi nyanga. Pambuyo pake anthu akumeneko anayamba kulumika ndi nsungwi ndi zikho zagalasi. Iwo alowetsa lawi m'chikho kanthawi, nachivundikira msanga pamsana. Mpweya wa m'katimo ukazizira, chikho chikoka khungu, kawirikawiri popanda kutema konse. M'chaka cha 2016, pa masewera a Olympic ku Rio de Janeiro, katswiri wosambira Michael Phelps anaoneka ndi mabanga ozungulira a zikho zotere pamapewa pake.

Nanga phindu lake nlotani? Madotolo amene anayesa kulumika anapeza kuti anthu ena opweteka khosi kapena msana amva bwino kwa masiku owerengeka, koma umboni wake ngwochepa. Mlimi amene msana wauma ndi khasu angathe kupezako mpumulo. Koma mwazi wakuda wa m'nyanga suli nthenda imene yatuluka ai. Uli mwazi wa munthu yemweyo, umene waundana.

Apa ndipo tichenjeza amai ndi abambo. Malungo achokera ku tizilombo tolowa m'thupi ndi udzudzu, ndipo tiononga mwazi. Mwana wotentha thupi mwazi wake uchepa kale. Mukamtema mphini, mumchotsera wotsalawo, ndiponso mutaya tsiku limene akadalandira mankhwala. Lumo limodzi lotemera anthu awiri lingathe kupatsirana HIV ndi nthenda ya chiwindi ya hepatitis B, ndipo bala losasamalika liitana kafumbata. Lawi la m'chikho nalonso latentha anthu.

Chifukwa chake, mwana akatentha thupi, mumtengere tsiku lomwelo ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Mangochi. Kumeneko ayeza kadontho ka mwazi wa pachala, ndipo akapeza malungo apereka mankhwala a LA, amene dziko lathu linayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2007. Pa zipatala za Boma salipiritsa. Mai wapakati, ndi munthu aliyense wochepa mwazi, asalumikidwe konse.

Sitinyoza makolo athu, pakuti anachiza ndi zimene anali nazo, ndipo anachita mwachikondi. Koma lamulo lachisanu la Mulungu litiuza kusamala moyo wathu ndi wa ana amene Iye anatipatsa. Ambuye adalitse mabanja anu onse.