Dzuwa la ku Mkaika Libvutitsa Ojambula Zithunzi

Caka ciliconse kumapeto kwa mwezi wa August, Acewa ocokera mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. M'nyengo imeneyi kumwamba kumakhala kopanda mtambo, ndipo Gule Wamkulu amabvina dzuwa lili paliwombo. Wojambula zithunzi akapanda kucenjera, amabwerera kwao ndi zithunzi zimene thambo lioneka bwino koma nkhope za anthu zili bii, ndipo eni ace amakana kuzilipira. Mwambo nawo suyembekezera munthu: akaphonya, ndiye kuti mpaka caka ca mawa.

Bvutoli limakula pamene wojambula agwiritsa nchito lenzi yoona motambalala kwambiri pofuna kuti bwalo lonse likwane m'cithunzi cimodzi. Lenzi ndilo diso la kamera. Ya mamilimita 14 imaona madigiri oposa 100, motero pamodzi ndi obvina imameza thambo lalikulu lowala. Cipangizo copima kuwala ca m'kameramo cikaona thambolo cimayesa kuti paliponse ndi powala cimodzimodzi, n'kucepetsa kuwala kolowa. Apa ndipo pamene anthu amada.

Akatswiri sakhulupirira cipangizoco cokha. Amayamba aloza kamera pansi kapena pa nkhope za anthu, kupima kuwala kwa pamenepo, kutsekera muyesowo, kenaka n'kukweza kamera ndi kujambula. Ena amatsata lamulo lakale la masiku a filimu: dzuwa likakhala lowala ndi kuomba anthu kumaso, kabowo kolowera kuwala kakhale pa f/16, ISO pa 100, ndipo citseko ca kamera citseguke kwa 1/125 ya sekondi. Kucepetsa kabowoko mpaka f/22 sikuthandiza kwenikweni, cifukwa cithunzi cimayamba kucita cimbuuzi.

Pa malenzi ena mankhwala ndi galasi lakuda locepetsa kuwala lomwe limamangidwa kutsogolo. Koma malenzi ambiri otambalala ali ndi galasi lotumphuka ngati diso la cule, ndipo alibe pomangira. Galasi lina, lochedwa polarizer, lomwe limakometsa thambo pa lenzi wamba, pano limaononga: mbali imodzi ya thambo imada, ina n'kuyera, pakuti mphamvu yace imasintha malinga ndi kumene kuli dzuwa.

Poima napo ndi pofunika kusankha. Dzuwa likalowa m'cithunzi pamaoneka timawanga towala. Likakhala kumbuyo kwa wojambula ndipo lapendeka, mthunzi wa iye mwini umagwera pakati pa obvina, zimene zacititsa manyazi ngakhale odziwa nchito.

Ojambula ndi foni ali pa bvuto lomweli akasankha lenzi yolembedwa 0.5. Kabowo kace sikasinthika, koma kukhudza nkhope ya munthu pa galasi la foni asanajambule kumauza kamera kuti ipime kuwala kwa munthuyo, osati kwa thambo.