Kuika Mod m'Masewero a Pakompyuta: Pamanja Kapena ndi Chida?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadya patchuthi chapitachi, ndipo ndaganiza zokufotokozerani kuti anzanga ena angagwe m'mbuna yomweyi.

Achimwene anga ali ndi laputopu imene amagwiritsa ntchito kukoleji. M'menemo muli masewero a mpira otchedwa PES 2017, amene kampani ya Konami ya ku Japan inatulutsa m'chaka cha 2016. Chondinyansa chinali chakuti matimu ena alibe maina awo enieni, poti kampaniyo inalibe chilolezo chowagwiritsa ntchito. Manchester United imatchedwa Man Red, Chelsea imatchedwa London FC. Mnzanga wina anandipatsa pa fulashi chinthu chimene amati mod chokonzera zimenezi.

Kodi mod n'chiyani? Makolo ndi Abambo ansembe ena mwina liwuli ndi lachilendo kwa inu. Mod ndi mafayilo amene anthu okonda masewerowo amapanga okha pofuna kusintha kapena kuonjezera zinthu, monga mayunifolomu, mabwalo ndi nkhope za osewera. Mwambowu si wa lero. Masewero a Doom a m'chaka cha 1993 anapangidwa mwanjira yoti anthu azitha kuonjezeramo zawo, ndipo Counter-Strike inayamba m'chaka cha 1999 ngati mod chabe ya Half-Life.

Njira zoikira mod zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya pamanja. Munthu amatsegula foda ya masewerowo, nakopera mafayilo atsopano m'malo mwake. Kompyuta ikapeza fayilo ina ya dzina lomwelo, imafunsa ngati ilembe pamwamba pa yakaleyo. Ukavomera, yakaleyo yapita basi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti sufuna pologalamu ina, ndiponso umadziwa bwino pamene chilichonse chimakhala. Koma kuipa kwake n'kwakuti palibe amene akukulembera zimene wasintha. Ukaika mod imodzi ukhoza kukumbukira. Nanga zikafika khumi?

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ine. Ndinavomera funso lililonse osasunga pambali mafayilo oyamba aja. Kenaka ndinaika mod yachiwiri ya mabwalo pamwamba pa yoyamba. Nditatsegula, masewero anangoonetsa mdima n'kutsekeka. Kubwerera m'mbuyo sikunatheke chifukwa sindinkadziwanso kuti fayilo iti ndi ya ndani. Choipitsitsa, ndinali nditalembanso pamwamba pa foda imene achimwene ankasungiramo ligi yawo ya miyezi yambiri.

Njira yachiwiri ndi yogwiritsa ntchito chida, ndiye kuti pologalamu yoyang'anira ma mod. Ganizani za woyang'anira laibulale yathu pano pa seminale. Buku lililonse lotuluka amalilemba m'kaundula, motero likasowa amadziwa pofunsa. Chida nachonso chimasunga mod iliyonse payokha ndi kulemba mafayilo ake. Ukafuna kuichotsa, umangoizimitsa ndipo masewero amabwerera mwakale.

Ntchito ina yaikulu ya chida ndi kuika ma mod pa mndandanda. Ma mod awiri akamasintha chinthu chimodzi, mwachitsanzo yunifolomu ya timu imodzi, sangapambane onse. Kawirikawiri yowerengedwa pomaliza ndiyo imaoneka. Mu PES 2017 mafayilo oonjezera otchedwa cpk amaikidwa m'foda ya download, ndipo kachida kotchedwa DpFileList Generator kamalemba mndandanda wa m'mene awerengedwere, osakhudza mafayilo oyambirira. M'masewero ngati Skyrim, a m'chaka cha 2011, anthu amaika ma mod mazanamazana, choncho amadalira zida zazikulu monga Vortex ndi Mod Organizer 2. Chachiwirichi chimachititsa masewero kuona ngati mafayilo ali m'foda yake, pamene kwenikweni ali kwina.

Komabe tisaganize kuti chida ndi mankhwala a matenda onse. Chimafuna nthawi yochiphunzira, ndipo sichingakonze mod imene inapangidwira mtundu wina wa masewerowo. Sichingakutetezenso ku vairasi yobwera ndi fulashi yongoyendayenda. Ndiponso munthu amene sanatsegulepo foda ndi manja ake amasowa pogwira chida chikalephera.

Tsono njira yabwino ndi iti? Maganizo anga ndi awa: ngati mod ndi imodzi ndipo malangizo ake ndi omveka, ikani pamanja, koma yambani mwakopera pambali zonse zimene musinthe. Zikapitirira ziwiri kapena zitatu, gwiritsani ntchito chida. M'njira zonse ziwiri werengani malangizo, ikani imodzi imodzi, ndi kuyesa musanaonjezere ina.

Kuikanso masewero aja kunatitengera tsiku lathunthu, koma ligi ya achimwene sinabwerere. Chimene chinandivuta koposa chinali kuwauza zoona, pakuti ndinagwira laputopuyo osapempha. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ukanandifunsa, ndikanakuonetsa." Anzanga, chinthu cha mwini tiyambe tapempha, ndipo tisafufute chimene sitingathe kubweza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wophunzira wa Fomu 3