Kodi fani ya magetsi ingacepetse dizilo pa vani yathu?

Pa msonkhano wa komiti ya parishi yathu, nkhani imene inatenga nthawi yaitali koposa zonse inali ya vani. Amai osunga cuma anaimirira ndi buku lao nati dizilo ikumaliza ndalama zonse zimene timapatula za maulendo. Pamenepo mnyamata wina amene anaphunzirako umakanika ku Lusaka anapereka nzeru yakuti ticotse fani yozungulira ndi lamba, tiikepo ya magetsi. Iye anati injini idzapepukidwa, dizilo idzacepa, ndipo motoka idzakoka bwino pa phiri.

Ambiri anaomba m'manja. Koma popeza safunsa anadya phula, tinapempha kuti ndalama isatuluke kufikira titafufuza bwino. Vani imeneyi ndiyo imanyamula a Bambo kupita ku machalichi a kumidzi, odwala usiku kupita ku cipatala, mabokosi a maliro ndi fetereza wa kopaletivi. Injini yake ikapsa, tonse tili pansi. Zimene tinapeza tazilemba pano, cifukwa alimi ambiri okhala ndi Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody anamvapo uphungu womwewu. Kucokera pamene boma linacotsa sabuside ya mafuta mu December 2021, aliyense akufunafuna njira yopulumutsira ngakhale lita imodzi.

Nchito ya fani

Injini ikamalira imatentha. Madzi amatenga kutenthako kupita nako ku rediyeta, ndipo mphepo yodutsa m'timipata ta rediyeta ndiyo imaziziritsa madziwo. Motoka ikamathamanga pa tara pamalo osakwera, mphepo imalowa yokha kutsogolo, ndipo kupitirira makilomita 60 pa ola fani imakhala ndi nchito yocepa. Pamene fani imafunika zedi ndi pamene motoka yaima injini ili kulira, kapena ikuyenda pang'onopang'ono itasenza katundu wolemera.

Mafani alipo a mitundu 3. Woyamba ndi uja womangidwa gwa ku injini, umene umazungulira nthawi zonse, kuzizire kutenthe. Uwu umadyadi mphamvu, pakuti injini ikawirikiza liwiro lake kawiri, fani yotere imafuna mphamvu yowirikiza ka 8. Waciwiri ndi wa viscous, umene uli pa mavani ambiri a dizilo amene tili nao kuno. Pakati pake pali kabokosi kokhala ndi mafuta okhuthala a silicone ndi kasipuling'i komva kutentha. Mphepo yocokera ku rediyeta ikakhala yozizira, fani imangotsatira mwaulesi osalemetsa injini. Mphepoyo ikatentha, mafuta aja amagwira, fani n'kuyamba kukoka mwamphamvu. Ndilo phokoso lija longa la ndege limene timamva pokwera phiri. Wacitatu ndi wa magetsi, umene uli ndi kamota kakekake, ndipo umayaka ndi kuzima molamulidwa ndi swichi yomva kutentha kwa madzi.

Magetsi nao ali ndi mtengo

Ena amaganiza kuti magetsi a m'motoka ndi aulere. Iai. Amacokera ku alternator, imene imazunguzidwa ndi lamba, ndipo lambayo amakokedwa ndi injini yomwe ija yakumwa dizilo. Fani ya magetsi ya ma amps 20 pa ma volts 14 imadya mawati 280. Popeza alternator imataya pafupifupi theka la mphamvu imene imalandira, injini imapereka mawati oposa 500 kuti faniyo izungulire. Horsepower imodzi ndi mawati 746, conco n'zoona kuti katunduyu ndi wopepuka. Apa mnyamata wathu sananame.

Koma kupepuka komweko ndiko kufooka kwake. Fani ya viscous ikagwira imatenga ma horsepower angapo ku injini, ndipo mphamvu yonseyo imapita ku kukankha mphepo. Fani yodya mawati 280 singakankhe mphepo yofanana nayo. N'cifukwa cake malole akuluakulu ndi mathirakitala ambiri akali ndi mafani okokedwa ndi injini mpaka lero.

Nanga dizilo yopulumuka ndi yocuruka bwanji? Pa msewu wabwino, pamene fani ya magetsi ili cete, nayo ya viscous imakhala itamasuka, ikutenga pang'ono cabe. Kusiyana kwake ndi kocepa kwambiri, kotero kuti woyendetsa sangakuone msanga pa geji. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Tiyerekeze kuti vani yanu imamwa malita 10 pa makilomita 100. Ndiye kuti ulendowu ufuna malita 57. Ngakhale titakomera mtima fani ya magetsi n'kunena kuti ipulumutsa malita 2 pa malita 100 alionse, pa ulendo wonsewo mwapulumutsa lita imodzi ndi kadontho. Tsopano ikani mbali inayi mtengo wa fani, relay, swichi, mawaya ndi malipiro a makanika. Onjezani kuti ma alternator a mavani akale ambiri amapereka ma amps 50 mpaka 70 cabe, ndipo usiku nyali, mawaipa ndi fani zikayaka pamodzi, batire iyamba kutha, mwina mpaka mugule alternator yaikulu. Mudzayenda maulendo angati kuti ndalamazo zibwerere?

Kumene kuli ngozi

Ife alimi sitiyendetsa motoka yopanda kanthu. Vani ya tani imodzi imadzaza ndi matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50, ndipo tinene zoona, ambiri a ife timapitirira pamenepo. Ganizani vani yotere ikukwera mapiri a pambuyo pa Luangwa Bridge pa Great East Road, kapena ikucokera ku cigwa ca Mfuwe mu October, pamene kutentha kumafika madigiri 40. Motoka ili mu giya yaciwiri, injini ikulira kwambiri, koma mphepo yakutsogolo palibe. Pamenepa fani ya lamba imathamanga pamodzi ndi injini: injini ikalimbika, nayo ilimbika. Ya magetsi ili ndi liwiro lake limodzi, ndipo ngati ndi yaing'ono, muvi wa geji uyamba kukwera.

Cina n'cakuti fani ya magetsi ikafa siicenjeza. Fyuzi ikapsa, waya akaduka ndi mabampu, kapena matope akalowa m'kamota, zonse zimangokhala zii. Mlimi mnzathu wina anaika fani yogula pa msika, yocotsedwa ku motoka yaing'ono. Inayenda bwino miyezi ya cisanu. Tsiku lina akupita ndi nshawa ku msika, fyuzi inapsa pa citunda iye osadziwa, ndipo pamene anaona nthunzi, gasiketi inali itapsa kale ndi hedi itang'ambika. Ndalama ya nshawa zonse inathera ku galaji. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene fani ya magetsi ithandiza

Sitikunena kuti fani ya magetsi ndi yacabecabe. Mamotoka ang'onoang'ono ambiri amabwera nayo, cifukwa injini zao zinagona mopingasa ndipo lamba sangafike ku rediyeta. Ku America mavani ena monga Ford F-150 amatuluka m'fakitale ndi mafani a magetsi, koma kumeneko rediyeta, alternator ndi kompyuta ya injini zinapangidwira pamodzi. Wokhala mu Lusaka, amene amaima nthawi yaitali pa mzere wa mamotoka mu Cairo Road, angapindule nayo, pakuti injini ikamalira pansipansi fani ya lamba imakoka mphepo yocepa. Angapindulenso amene vani yake ndi yakale kwambiri, ya fani yomangidwa gwa. Ndipo kwa amene motoka yake imatentha poima, njira yabwino ndi kusiya fani ya lamba pamalo pake n'kuonjezera ya magetsi kutsogolo kwa rediyeta monga wothandizira, yokhala ndi relay ndi fyuzi yake.

Yambani ndi izi

Musanagule kanthu, yesani viscous yanu. Zimitsani injini, cotsani kiyi, zunguzani fani ndi dzanja. Iyenera kumveka yolemerako. Ngati izungulira yokha kangapo ngati gudumu la njinga, makamaka injini ili yotentha, kapena muona mafuta akucuca pakati pake, yatha. Ma viscous ena, monga a Toyota, amatheka kutsegula ndi kuthiramo mafuta a silicone atsopano. Musalole munthu kuimanga ndi mabauti kapena kuiwocherera, cifukwa mukatero mwaisandutsa fani ya mtundu woyamba uja, yakudya mphamvu tsiku lonse.

Musacotse thermostat monga amacitira ena. Injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Cotsani njere za udzu ndi matope m'timipata ta rediyeta. Cibenthu ca pulasitiki cozungulira fani cikasweka, bwezeranipo cina, pakuti ndico cimacititsa kuti mphepo idutse mu rediyeta. Thiranimo coolant m'malo mwa madzi a pa mjigo, amene amasiya zokanirira m'mapaipi.

Dizilo yambiri imatayika ku zinthu zimene tonse tizidziwa: matayala ocepa mpweya, fyuluta ya mphepo yodzaza fumbi, ma injector otha amene amafukitsa utsi wakuda, katundu wopitirira muyeso, kusiya injini ikulira pamene tili kuceza, ndi phazi lolemera. Mphepo imakankha motoka mwamphamvu pamene liwiro likwera, kotero woyenda pa 80 amafika ndi dizilo yambiri m'thanki koposa woyenda pa 110.

Komiti yathu inagwirizana kuti fani ya lamba ikhale. Tinathira mafuta atsopano mu viscous, tinatsuka rediyeta, tinagula geji yoyezera mpweya wa matayala, ndipo tinaika kabuku m'motoka. Woyendetsa aliyense, kaya ndi a Bambo kaya a katekisiti, amalemba makilomita ndi malita nthawi iriyonse akadzaza thanki. Mnyamata uja ndiye tinamupatsa udindo wosunga kabukuko, ndipo anaulandira ndi manja awiri. Inunso abale ndi alongo, munthu akabwera ndi cipangizo cimene akuti cipulumutsa mafuta, yambani mwalemba malita anu kwa mwezi umodzi, kuti mudzakhale ndi poyerekezera musanatulutse ndalama ya mpingo kapena ya zokolola zanu.